Kankhokwe ka pa Foni ya aNangozo

Pakati pa Golomoti ndi Mua, kumunsi kwa msewu wa tala, kumene dziko limayala mphasa mpaka kukafika kunyanja, kuli mudzi wa milambe ndi misawu. Mbuzi za kumeneko n'zambiri kuposa eni ake, moti mlendo wodziwa mwambo akatha kufunsa za ana amafunsanso za m'khola. M'mudzi umenewo ndimo munabadwira Fagness Kadzuwa, chitsirizira wa bambo Zakariya, mmisiri wa mitondo, zipande ndi mipini. Mayi ake anatsogola iye asanaleke kuyamwa, ndipo amene anam'tola n'kumubereka kumbuyo anali azakhali ake, mayi Beatrice, amene mudzi wonse umawatcha aNangozo.

ANangozo ndi mayi wamfupi, wa mawu odzaza bwalo, wosadziwa kunong'ona ngakhale m'tchalitchi. Sukulu ya Fagness inayenda ndi miyendo ya mbuzi zawo. Teremu ikamayandikira, imodzi inkatuluka m'khola ndi chingwe m'khosi kulowera kumsika wa Golomoti, ikulira njira yonse, iwo akuiyankha kuti, “Lira bwino, ukupita ku sekondale.” Mwanayo anakula wa zii, wa maso oyang'anitsitsa. Anzake akamasewera fulaye, iye ankakhala pa chitsa pafupi ndi bambo ake kuonerera nsompho ikudya mtengo, kapena kujambula pa dothi nkhuku zimene zinkadutsa.

Kompyuta anayamba kuiona ku sekondale, itafundidwa nsalu pakona ngati mtsuko wa thobwa wodikira alendo. Aphunzitsi ankaivundukula mwa apo ndi apo, ndipo ana ankaloledwa kuikhudza ndi chala chimodzi. Kwa Fagness chala chimodzicho sichinakwane. Anailondola mpaka ku koleji ku Lilongwe, n'kupeza ntchito pa kampani ina yopanga mapulogalamu a pa intaneti. Anakhala m'tauni zaka zingapo, kumudzi n'kumabwera pa Khirisimasi ndi pa maliro. Koma nsanja ya netiweki itaimikidwa m'mbali mwa msewu, maso a bambo ake nawo atayamba kuchita nkhungu, anapempha mabwana ake kuti azigwirira ntchito kwawo. Anatsika minibasi ndi laputopu, sola ndi mpando wa pulasitiki, n'kukhazikika pa khonde la bambo ake.

Odutsa ankachepetsa mayendedwe. Ntchito yanji yosatulutsa thukuta, yogwira munthu ali khale, nkhope ili pa galasi? Oyankha anali aNangozo. “Mukadina mafoni anuwo zinthu n'kumayenda, mumayesa zimayenda zokha? Alipo amaziyendetsa. Mmodzi ndi uyo ali pa khondeyo, ndipo ndinam'lera ndine.”

Ntchito ya Fagness imaoneka yovuta kuilongosola, koma siili kutali ndi kuumba njerwa. Pulogalamu ya masiku ano saimanga yonse kamodzi. Amayamba apanga tizigawo: batani lodina, kabokosi kolembamo dzina, kafelemu koikamo chithunzi. Kachigawo kalikonse kali ngati chikombole. Ukachikonza kamodzi, umaumbira njerwa za nyumba yonse. Chodabwitsa n'chakuti chikombole chimenechi ukachisintha, ngakhale njerwa zimene zili kale m'khoma zimasinthira pomwepo.

Pa mabataniwo pamakhala tizithunzi tosaposa njere ya nyemba: kanyumba, kabelu, kagalasi kofufuzira. Timeneti mmisiri sajambula yekha. Alipo anthu akutali, a m'maiko ozizira, amene anatijambula miyandamiyanda n'kutiunjika mulu umodzi, umene amisiriwo amautcha laibulale, kuti aliyense azitapa mwaulere. Fagness ankangoitana ndi dzina kamene akufuna, iko n'kubwera kudzakhala pa batani. Laibulale imeneyi ankaikonda chifukwa tizithunzi take n'ta dzanja limodzi, mizere yofanana kunenepa, ngati zipande zosemedwa ndi munthu mmodzi.

Masana ankagwirira anthu a ku Lilongwe. Koma mtima wake unali pa gulu la oweta mbuzi la Tiwetenso, limene linasonkhanitsa makola a midzi ingapo. Gululi linali ndi mlangizi wa ziweto mmodzi yekha, a Bright, bambo wamtali, wosakwatira, woyenda pa njinga yamoto yokhosomola. Kuitana a Bright kunali kutuma munthu pa njinga yakapalasa. Wotumidwayo ankapeza apita kwina, ndipo akabwera mawa lake ankabwera ndi mankhwala a matenda ena, poti uthenga unasintha m'njira. Fagness anati izi zithe. Anapanga pulogalamu yotsegula pa foni iliyonse ya galasi, popanda kulipiritsa munthu. Mwini mbuzi azijambula pamene padwala, chithunzi chizifika kwa a Bright, iwo azinyamuka akudziwa chonyamula.

Anaipanga yosavuta. Munthu akajambula, chithunzi chinkaoneka pa galasi, pansi pake pali mabatani awiri. Kumanja kunali kandege ka pepala, kotumizira. Kumanzere kunali kabini ka zinyalala, kofufutira chithunzi chikatuluka choipa. Tonse tiwiri anatitapa mu laibulale muja, monga amachitira amisiri dziko lonse. Mawu sanalembepo, poganizira akuluakulu amene zilembo zimawavuta. Chithunzi, anatero mumtima, sichifuna sukulu.

Tsiku loionetsa anaimirira pamaso pa gulu, foni ili m'mwamba, n'kulongosola zonse. Anthu anagwedeza mitu, ngakhale okhala kumbuyo amene foniyo ankaiona ngati kabokosi ka machesi. Kwathu kuno mwana wa pamudzi akamalankhula za nzeru zimene wabwera nazo, kugwedeza mutu ndi ulemu. Pambuyo pake ankayendera makomo kuti aone m'mene zikuyendera, koma paliponse pamene wafika, mwini nyumba ankapukuta foni pa chitenje n'kumupatsira ndi manja awiri. “Mwafika eni ake, tatichitirani.” Kudina wekha mwini luso ali pomwepo kukanakhala ngati kusema mtondo pamaso pa a Zakariya. Motero Fagness ankadina yekha, zonse n'kuyenda bwino, iye n'kubwerera kwawo wokondwa.

Mvula itakhazikika, mphere zinalowa m'makola. Mbuzi zinkadzikhula pa mitengo mpaka ubweya kusosoka, khungu kuuma ngati khungwa, tiana n'kumafooka. Apa ndipo panaoneka chachilendo. Makomo ena a Bright ankafika tsiku lomwelo, jakisoni ali m'manja. Makomo ena ankadikira mpaka maso kuchita gwa. Ndipo anthu sanachedwe kuona kuti makomo ofikiridwawo anali aja amene foni imakhala m'manja mwa ana a sukulu ndi atsikana achisodzera, pamene odikirawo anali a nkhalamba zogwira foni zokha.

“Mlangizi wathu ali ndi mphuno,” anayamba kutero amuna pa bawo. “Amanunkhiza kumene kuli anamwali.”

A Bright analumbira kuti zithunzi za akuluakuluwo sizinawafike. Akuluakulu analumbira kuti anatumiza, ena kangapo konse. Fagness anafufuza pulogalamu yonse, kachigawo ndi kachigawo, osapeza pothyoka. Chimene chatumizidwa chinkafika. Cha akuluakulu chinkangosowa ngati mame.

Madzulo ena wapampando wa gulu, a Ezekiele, anabwera pakhomo. Sanalankhule ndi Fagness. Anakhala ndi a Zakariya pansi pa msawu, n'kucheza za mvula, za mtengo wa feteleza, za maliro a ku Mtakataka, kenako n'kutsanzika. Atachoka, a Zakariya anaitana mwana wawo, manja awo akupalabe chipande.

“Mayi, mawu abwera. Pa msonkhano ukubwerawu gulu likufuna kusiya chinthu chako chija. Akuti chadanitsa anthu ndi mlangizi, ndipo mbuzi zikufa anthu akuyang'ana pa galasi. Abwerera ku njinga yakapalasa.”

Fagness anayamba kulingalira. Za ku Lilongwe zikanapitirira, zimenezo sizinam'detse nkhawa. Koma ichi chinali chinthu chokhacho chimene anapangira anthu akwawo, eni makola amene anam'pititsa kusukulu. Chikatayidwa, pa khonde paja padzakhala munthu wogwirira alendo basi, ndipo aNangozo adzasowa choyankha odutsa.

M'mawa wina msonkhano usanafike, anamva mawu odziwika akuchokera kuseri kwa khola la azakhali ake.

“Iwe Fagi! Bwera undigwirire mfiti iyi!”

Mfitiyo anali Tilipo, mkota wokondedwa wa aNangozo, amene mphere zinali zitam'fika m'makutu ndi m'khosi. Sankalola kuima. Fagness anagwira nyanga ndi dzanja limodzi, lina n'kukoleka pakhosi, mawondo atapana nthiti, mbuzi ikuphiriphitha. ANangozo anasolola foni m'bulauzi, n'kuitambasulira kwa iye monga mwa chizolowezi. Ataona kuti palibe dzanja lolandirira, anaima kaye.

“Ha, manja ako onse ali pa ntchito. Basi ndichita ndekha. Usandiseke.”

Anajambula bwino ndithu, khutu lonse likuoneka. Kenako anapukuta chala pa chitenje, n'kuchitsitsa mwaulemu pa batani la kumanzere.

“Azakhali, mwadina pati?”

“Pa nkhokwe. Nanga n'kudina pati?” Anayandikiza foni kumaso n'kuwerenga timalemba timene tinatuluka. “Mwa-tsi-mi-ki-za? Iii, funso lake lomweli tsiku ndi tsiku. Ndatsimikiza, bambo, ndine wamkulu.” Anadinanso, chithunzi n'kuzimirira. “Waona? Yalowa. Tsopano mlangizi wakoyo akatsegule nkhokwe atenge. Koma satenga. Ulesi!”

Fagness anasiya nyanga zija, Tilipo n'kupulumuka kulowera m'chimanga. Iye anatenga foni ija n'kuyang'ana kabini kaja ngati akukaona koyamba. Kathupi kozungulira, kokhala ndi timizere totsika ngati nsungwi zolukidwa. Pamwamba kadenga kotulukira mbali zonse, ndi kansonga pakati. Zaka zonse za m'tauni ankaona bini. Tsopano, ataima pakati pa khola ndi nkhokwe yeniyeni ya azakhali ake, yomwe inali poteropo ndi denga lake la udzu, bini uja sanathenso kumuona. M'mudzi muno ndani anasungapo zinyalala m'chiwiya chovindikira? Zinyalala amasesa n'kukataya kudzala. Chovindikira bwino chotere n'chosungiramo chinthu cha mtengo wapatali.

“Nanga aka ka kumanjaka, Azakhali?”

“Kansongako? Umenewo ndi mkondo. Ndilozetse mkondo mbuzi yodwala, ndapenga?” Anapukusa mutu. “Komanso uione foniyi, muli makoswe. Zithunzi za adzukulu zimene amatumiza a ku Joni ndimalonga bwinobwino m'nkhokwe, koma ndikafuna kuonetsa anthu, mulibe ndi chimodzi chomwe.”

Fagness anafuna kuseka, anafunanso kulira. Anawagwira dzanja n'kupita nawo pa mthunzi, anakhala pansi m'munsi mwawo, n'kuwauza pang'onopang'ono chimene kachithunziko kamatanthauza kwa amene anakajambula. ANangozo anayang'ana chala chawo nthawi yaitali.

“Ndiye kuti ndimataya ndekha? Ndi adzukulu omwe?”

“Adzukulu tiwapempha atumizenso. Zimenezo n'zosavuta.”

“Ndipo mlangizi uja, mwana wa eni ake, ndam'tukwana pa chigayo, anthu akumva.” Anatsitsa mawu, mwina koyamba chibadwire. “Fagi, usakanene pagulu. Dzina langa lisakatuluke.”

“Silituluka, Azakhali.”

Tsiku lomwelo anaimbira a Bright n'kuwapempha kuti ayendere makola a akuluakulu osadikira chithunzi. Kabini kaja anakachotsa pa batani dzuwa lisanapendeke, kuti pasatayikenso kanthu. Koma zimenezi zinangokolezera moto. Akuluakulu atatsegula mafoni n'kupeza nkhokwe yasowa, patsala mkondo wokha, anati chinthu chija tsopano chafa zenizeni.

Panali njira yachidule, ndipo Fagness anaiganizira. Poti anthu akuona nkhokwe, bwanji osaisiya nkhokweyo n'kuipatsa ntchito yotumiza? Palibe akanafunika kuphunzira chatsopano. Koma anakumbukira adzukulu a ku Joni. Kachithunzi komweko kali m'mapulogalamu ena onse a m'foni, ndipo kumeneko kamataya. Akanawazoloweza kukakhulupirira, akanakhala akuwakumbira mbuna pa njira ina. Kanayenera kuchoka, ndipo anthu anayenera kudziwa chifukwa chake.

Anabwerera mu laibulale kukafuna tizithunzi tina. Kotumizira anakapeza msanga: kanjinga kamoto. Kotayira ndiye kanavuta. Anafuna tsache, koma matsache a m'menemo anali a mpini wautali, a mutu ngati mswachi, osesera munthu ali chilili. Tsache lathu la manja, lomanga ndi luzi kumutu, munalibe. Pa tizithunzi miyandamiyanda, ka pakhomo pa aNangozo panalibe. Basi anati ajambula yekha, ndi mizere yonenepa mofanana ndi ya eni laibulale, kuti kakakhala pakati pa tinzake kasaoneke kobwera.

Koyamba anakaonetsa bambo ake, atakakulitsa pa laputopu. A Zakariya anayandikiza nkhope mpaka mphuno kukhudza galasi.

“Mlambe uwu waudula mutu chifukwa chiyani?”

Tsiku la msika anajambula tizithunzito pa makatoni ndi cholembera chakuda n'kupita ku Golomoti. Anasankha anthu osamudziwa, amene sakanam'gwedezera mutu mwaulemu. Kanjinga kamoto aliyense anakadziwa. Tsache ndiye linaona zakuda.

“Mtolo wa udzu uwu,” anatero mayi wogulitsa tomato.

“Ayi, ndi litchowa la asing'anga,” anatsutsa wa kabaza amene anaima pambali. “Achemwali, mwayamba ntchito imeneyi? Ndiyezeni, makasitomala andithawa.”

“Akuthawa fungo la jekete lakolo,” anayankha mayi uja. “Palibe za mankhwala apa.”

Fagness anakhala pa njerwa, katoni ili pa mawondo. Patsidya pa njira mayi wina ankasesa pakhomo pa golosale, dzanja limodzi lili kumsana. Anamuyang'ana monga ankayang'anira nkhuku ali mwana. Tsache lija silinaime chilili ngati la pa katoni yake. Linali lopendekeka, nsonga zake zitapindika pa dothi, patsogolo pake pakuthawa tizinyalala. Anatembenuza katoni, n'kujambula tsache lowerama, ndi timadontho patsogolo pake. Anabwerera kwa mayi wa tomato.

“Aaa, ili ndi tsache, likusesa. Nanga poyamba paja osajambula chonchi bwanji?”

Anafunsanso ena, wogulitsa usipa, agogo ogula fodya, wowotcherera ndowa. Onse anati tsache. Atafika kunyumba anakajambula bwino pa laputopu, n'kukachepetsa mpaka kukula kwa njere ya nyemba, kuchotsa timizere timene tinkaphatikana, mpaka kanatsala koyera. Kenako anatsegula chikombole chimodzi chokha, cha batani lotayira, n'kuikamo tsache. Anatsegula cha batani lotumizira n'kuikamo njinga. Pansi pa kalikonse analembapo liwu limodzi la zilembo zazikulu, la amene amawerenga. Masamba onse a pulogalamu, la mbuzi, la nkhosa, la uthenga wa katemera, anasinthira pamodzi ngati munda wa mpunga ukawombedwa ndi mphepo.

Msonkhano unachitikira pa dibi lakale losambitsirapo ziweto, pansi pa mitengo ya mthethe. Amayi anakhala mbali yawo pa zitenje, abambo pa mizu ndi pa njinga zogonekedwa. A Bright anakhala paokha, chipewa chili pa bondo. A Ezekiele analankhula mwaulemu, kuyamika mwana wa a Kadzuwa chifukwa cha mtima wake, n'kumazungulira monga amachitira munthu wofuna kukana mphatso. Asanafike pomangira nkhani, Fagness anawomba m'manja mofatsa, atanyonyomala.

“A tcheyamani, ndipempheko funso limodzi. Ndikufunsa makolo okhaokha. Achinyamata mugwire pakamwa.”

Anatukula katoni yaikulu imene anajambulapo kabini kaja, kukula ngati lichero.

“Ichi n'chiyani?”

“Nkhokwe!” Mawuwo anatuluka pamodzi, kwa amayi ndi kwa abambo, a Ezekiele akutsogolera. Atsikana ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

“Inenso lero ndikuona nkhokwe,” anatero Fagness. “Koma amene anachijambula ali kutali, ndipo nkhokwe sanaionepo. Kwawoko ichi ndi bini, chotayamo zinyalala. Mukadina pamenepa, foni imamva kuti mwati taya. A Bright sanalandire kanthu chifukwa panalibe chowafika. Chithunzichi ndinachitapa kwa eni ake n'kuchiika m'manja mwanu osakufunsani kuti mukuona chiyani. Wolakwa ndi ine. Si inu, si a Bright.”

Abambo anayang'ana pansi. Fagness sanayang'ane kumene kunakhala azakhali ake.

Koma aNangozo anadzuka okha, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

“Mwanayu akubisa dzina langa chifukwa ndinam'pempha. Ndine! Ndinataya Tilipo kangapo ndi chala ichi, foni ikundifunsa kuti mwatsimikiza, ine n'kumati ndatsimikiza. Ndipo musandiyang'ane choncho, a Ezekiele, mwakuwa nkhokwe kuposa tonse.”

Bwalo linasweka ndi phwete. A Ezekiele anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. “Ine ndinkadina kawiri,” anavomera, “kuti ilowe bwino.”

“A Bright, mwana wanga,” anapitiriza aNangozo, “zija ndinanena pa chigayo ndazimeza.”

“Zamveka, mayi,” anayankha a Bright. “Koma nanga anamwali amene munandipatsa aja, ndibweze kwa yani?”

Kuseka kutachepa, agogo ena a kumalire a mudzi, amene sanaseke nawo, anakweza ndodo. “Zamveka zonsezo. Koma tiana ta mbuzi tanga tinafa. Tibwerera?”

“Sitibwerera, agogo,” anatero Fagness. Agogowo anamuyang'ana kanthawi, n'kutsitsa ndodo.

Fagness anatukula makatoni ena awiri. Pa loyamba anthu anati tsache. Pa lachiwiri mayi wina anakuwa kuti, “A Bright akubwera!” Fagness anawapempha kuti atsegule mafoni awo. Anthu anasolola m'matumba ndi m'mabulauzi, ndipo kung'ung'udza kunayenda bwalo lonse: tsache ndi njinga zinali kale m'menemo.

“Walowa liti m'foni yanga mwana ameneyu?” anadabwa a Ezekiele. “Ine ndimagona nayo kumutu.”

“Sindinalowemo, a tcheyamani. Ndinakonza pamodzi pokha, kwathu pa khonde. Koma ndikupempheni chinthu. Ndikabwera pakhomo panu, musandipatsenso foni. Muzidina nokha, ine ndizigwira mbuzi. Ndipo nkhokwe ija mukaiona kwina m'foni, muziilambalala.”

A Ezekiele anayang'ana kwa amayi, anayang'ana kwa abambo, n'kutembenukira kwa agogo a ndodo aja. “Akuluakulu, titani? Tibwerere ku njinga yakapalasa?”

Agogowo anatambasula dzanja kwa mdzukulu wawo wamkazi kuti awapatse foni. Anaiyang'ana patali, anaiyang'ana pafupi, chala chikuyendayenda m'mwamba mwa galasi.

“Tsacheli ndi lathu,” anatero potsiriza. “Chikhale.”

Ndipo chinakhala. Mpaka lero makola a Tiwetenso amaitana mlangizi ndi kanjinga kaja, ndipo Fagness sakhazikanso kachithunzi pa batani asanakayendetse pa katoni pakati pa ogulitsa tomato. Anzake a ku Lilongwe atamva anaseka, kenako anayamba kum'tumizira tizithunzi tawo kuti akawafunsireko kumsika.

M'mawa mwake mwa msonkhano uja, mame asanaume, njinga yamoto inamveka ikukhosomola kulowera kwa aNangozo. Fagness anathamangira komweko poganiza kuti Tilipo wafooka. Anapeza a Bright ataima pa khola, chikwama cha mankhwala chili m'manja, akuyang'ana tonde wonenepa, wa ubweya wosalala, amene ankatafuna masamba a msawu mosatekeseka.

“Mayi, chithunzi chafika bwinobwino, ndipo ndi cha tonde uyu. Koma akudwala pati?”

“Sakudwala,” anayankha aNangozo, manja ali m'chiuno. “Ndadina ndekha pa kanjinga, popanda wondigwira dzanja. Ndimafuna ndione ngati mubwera.”